Kodi makina a radar angatiuze ngati thanthwe ligwera tchalitchi chathu?

Funso lachokera kwa mkulu wa mpingo wina amene amakhala m'tsinde mwa phiri la Mulanje, ndipo alemba motere: "Tchalitchi chathu ndi cha njerwa zowotcha, chinamangidwa ndi makolo athu dziko lino lisanalandire ufulu wodzilamulira. Kumtunda kwake kuli thanthwe lalikulu, ndipo m'munsi mwa thanthwelo muli zimiyala zingapo zimene zangokhala pa dothi. Chidutsireni namondwe wa Freddy tikuona mng'alu pa thanthwelo umene ambiri akuti kale panalibe, ndipo nthawi ya dzinja mumatuluka madzi. Mnyamata wathu wina amene ali ku koleji akuti kuli makina a radar amene amaona m'kati mwa mwala. Kodi makinawo angatiuze ngati thanthwelo ligwa, komanso tsiku lake? Nanga mpingo uyambe kusonkha ndalama zoitanira eni makinawo?"

Bambo, mnyamata wanuyo wanena zoona. Makinawo alipo, pa Chingerezi amatchedwa ground penetrating radar, ndipo ife a ntchito za miyala timangoti GPR. Pa mwala wa mtundu umene uli pa phiri la Mulanje amagwira ntchito bwino kwambiri. Koma ndiyambe ndi mbali ya funso lanu imene yankho lake silikoma m'khutu: makinawa sanena tsiku, mwezi kapena chaka chimene thanthwe lidzagwe, ndipo munthu amene angabwere pa mpingo panu n'kulonjeza zimenezo musam'patse ndalama za akhristu. Ntchito ya radar ndi kuonetsa mmene mng'alu wayendera m'kati mwa thanthwe, kumene maso sangafike, ndipo zimenezi zimathandiza pokhapokha ngati wina wayamba wayenda pamalopo n'kudziwa chimene akufuna kuti makinawo amuuze.

Kagwiridwe kake sikovuta kumva. Mayi akamagula mphika wadothi pa msika amaugogoda ndi chala, ndipo kaliridwe ka mphikawo ndi kamene kamamuuza ngati uli ndi mng'alu wobisika. Radar nayo imagogoda, koma ndi mafunde a wailesi. Pali bokosi lotchedwa antena limene amaligunditsa pa mwala n'kumalikoka pang'onopang'ono. Limaponya mafunde m'kati mwa mwalawo, ndipo mafundewo akakumana ndi chinthu chosiyana ndi mwala, kaya mpweya, madzi kapena dothi limene ladzaza mu mng'alu, ena a iwo amabwerera. Makina amawerenga nthawi imene mafundewo atenga kupita ndi kubwera. Nthawi yake ndi yochepa zedi moti amaiyeza m'mananosekondi, ndipo sekondi imodzi ili ndi mananosekondi 1 biliyoni. Mu mpweya mafundewa amayenda masentimita 30 pa nanosekondi imodzi, mu mwala wouma wa granite (mwala wolimba ngati wa phiri la Mulanje) amayenda masentimita 12 kapena 13, pamene m'madzi amayenda pafupifupi masentimita 3 okha. Choncho mafunde akabwerera patapita mananosekondi 50 mu mwala wotere ndiye kuti ayenda mamita 6 kupita ndi kubwera, ndipo mng'aluwo uli mamita 3 m'kati. Kusiyana kwakukulu kwa mwala ndi madzi n'kumene kumachititsa kuti mng'alu wonyowa, ngakhale ukhale wopyapyala, uoneke bwino pa chithunzi cha radar kuposa wouma. Madzi amene mukuwaona pa thanthwe lanuwo ndi odetsa nkhawa, koma kwa woyeza ndi thandizo.

Ma antena ali a mitundumitundu, ndipo palibe imodzi yochita zonse. Ya 100 MHz (MHz ndi muyeso wa kuchuluka kwa mafunde pa sekondi imodzi) imatha kufika mamita 20 kapena kupitirira apo mu mwala wolimba ndi wouma, koma ming'alu iwiri yotalikirana osakwana masentimita 30 imaiona ngati umodzi. Ya 400 kapena 500 MHz imafika mamita ochepa chabe, koma imasiyanitsa ming'alu yoyandikana kwambiri. Za 1,000 MHz kupita m'mwamba n'zoyezera makoma ndi konkire. Pa thanthwe ngati lanu woyeza wodziwa ntchito amabwera ndi mitundu iwiri.

Kuti mumve chifukwa chake ndikuti phiri lathuli n'loyenera radar, tikumbukire mmene linapangikira. Mwala wake ndi syenite ndi granite, umene unauma kuchokera ku mwala wosungunuka pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo. Miyala yofewa imene inali pamwamba ndi m'mbali inakokoloka m'kupita kwa nthawi, n'kusiya chimwala cholimbachi chitaima mpaka mamita 3,002 pa nsonga ya Sapitwa. Mwala umene unapanikizika ndi katundu wolemera chotero, katunduyo akachoka umatukumuka pang'ono, ndipo kunja kwake kumasendeka monga mmene khungwa la bulugamu limasendekera. Aliyense amene anayang'anitsitsa nsonga ya Chambe pa phirili anaona zibenthu zikuluzikulu zosanjikizana ngati zomata. Ming'alu ya mtundu umenewu imayenda motsatira nkhope ya thanthwe, kunsi kwa khungu lake, ndipo ndi imene radar imaona bwino koposa, chifukwa mafunde amaigunda chamaso n'kubwerera molunjika. Mng'alu wolowa choongoka m'kati mwa thanthwe suoneka bwino chotero, ndipo umafuna kuti woyeza akoke antena m'mizere ingapo yopingasana. Mwalawu supereka njira kwa magetsi, n'chifukwa chake sumeza mafunde msanga.

Funso lenileni pa chibenthu chotere nlakuti chatsala chogwira pati. Mng'alu umene mukuuona kunja ukhoza kuthera pa mita imodzi, kapena ukhoza kukhala khomo chabe la mng'alu umene wazungulira kumbuyo kwa chibenthu chonse, n'kusiya timalo tochepa pamene chibenthucho chidakali cholumikizana ndi thanthwe lalikulu. Timalo timeneti ndi timene tanyamula katundu yense. Pa chithunzi cha radar mng'alu umaoneka ngati mzere, ndipo pamene mzerewo waduka pamakhala chizindikiro chakuti mwina mwala udakali wathunthu. Ofufuza a ku France anachita zimenezi pa maphompho a pafupi ndi mzinda wa Grenoble, akutsika ndi zingwe atanyamula antena, pofuna kudziwa gawo la chibenthu limene latsala logwira. Kuya kwa mng'alu kumatiuzanso kulemera kwa chimene chingagwe. Mwala wotere umalemera matani pafupifupi 2.7 pa kiyubiki mita imodzi. Chibenthu cha mamita 5 m'litali ndi 4 m'lifupi, mng'alu wake ukakhala mita imodzi m'kati, chikulemera matani 54. Ukakhala mamita 3 m'kati chikulemera matani 162, katundu wa malole asanu a matani 30 n'kutsalako. Kuchokera kunja zibenthu ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi, koma njira yotetezera tchalitchi kwa chimodzi singagwire kwa chinzake. Apa ndi pamene ndalama ya radar imakhala yosataya.

Chimene chimamaliza timalo totsalato ndi nthawi, dzuwa ndi madzi. Mu 2016 ofufuza awiri, Brian Collins ndi Greg Stock, anafalitsa zimene anapeza atayeza chibenthu cha granite ku Yosemite m'dziko la America kwa zaka zingapo: mng'alu wake unkatseguka masana mwala ukatentha n'kubwerera usiku, tsiku lililonse, ndipo kusuntha kumeneku kumakulitsa mng'alu pang'onopang'ono. Mwezi wa Okutobala kuno matanthwe amatentha moti phazi silipondapo. Madzi ndiwo amathamangitsa zinthu. Mng'alu ukadzaza madzi mamita 5 kuya kwake, pansi pake madziwo amakankha ndi mphamvu ya matani 5 pa sikweya mita iliyonse. N'chifukwa chake mng'alu umene ukutulutsa madzi momasuka uli bwinoko kusiyana ndi umene watsekeka kunsi, ndipo ndikupempheni kuti wina aliyense asaganize zokamata mng'aluwo ndi simenti pamene madzi akutulukira. Tiwonjezepo zivomezi, popeza dziko lathu lili m'chigwa chachikulu cha Rift Valley, ndipo cha ku Salima mu 1989 ndi za ku Karonga mu 2009 ambiri tikuzikumbukira. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene radar ingalosere. Imangojambula mmene thanthwe lilili tsiku limene mwayezalo.

Tsopano zimiyala zimene zakhala pa dothi zija, zimene ine zikundidetsa nkhawa mofanana ndi thanthwelo. Pano radar ndi yofooka. Dothi la katondo limene tiyi amakonda lili ndi dongo lambiri, ndipo dongo lonyowa limameza mafunde moti nthawi zambiri safika ngakhale mamita awiri, mwinanso osakwana mita imodzi. Woyeza akhoza kuika antena pamwamba pa chimwala n'kudziwa kuchindikala kwake, n'kuona ngati chazika kwambiri m'dothi kapena changotsamira, ndipo zimenezi n'zothandiza. Koma mmene dothilo lilili kunsi kwake sangazione bwino. Pa dothi pali njira ina yoyeza ndi magetsi, imene amakhoma zikhomo zachitsulo mu mzere n'kudutsitsa magetsi m'nthaka, ndipo imaonetsa pamene pali madzi ndi pamene thanthwe layambira. Komabe chimwala cha pa dothi nthawi zambiri chimagwetsedwa ndi zinthu zooneka ndi maso: madzi amene akukumba kunsi kwake, munda umene walimidwa mpaka m'tsinde mwake, dzenje la oumba njerwa, mitengo imene inadulidwa kuotcha makala mizu yake n'kuola, ndi moto wolusa umene umasiya dothi pambalambanda mvula yoyamba isanagwe.

Palinso ngozi yachitatu imene sindingaisiye ngakhale simunaifunse, chifukwa ndi imene yapha anthu ambiri kuno. Makolo anaitcha Napolo. Ndi matope, madzi, mitengo ndi zimiyala zotsika pamodzi mvula ikagwa masiku angapo osaleka, monga zinachitikira ku Zomba mu 1946, ku Phalombe kuchokera m'phiri la Michesi mu Malichi 1991 pamene anthu mazanamazana anafa, ndi m'maboma ambiri a kummwera nthawi ya Freddy mu Malichi 2023. Napolo amatsata makwawa ndi mitsinje. Ngati tchalitchi chanu chili pakamwa pa khwawa, ngakhale khwawa louma limene ana amaseweramo, nkhani yake ndi yosiyana ndipo radar ilibe chonena pa iyo. Katswiri amene angayeze mng'alu mwaluso n'kubwerera osayang'ana khwawalo sanakuthandizeni.

Choncho ntchito iyambe ndi miyendo ndi maso. Funsani agogo a m'mudzimo ngati mwala unagubudukapo, chaka chiti, ndipo unakaima pati. Yang'anani zimiyala zimene zili pafupi ndi tchalitchi ndi kumunsi kwake: zina zinatsala pomwepo dothi litakokoloka, koma zina zinachokera kumtunda, ndipo katswiri amatha kuzisiyanitsa. Chimwala chogwa chimene chinakaima kumunsi kwa tchalitchi ndi umboni wakuti china chikhoza kufika pomwepo. Ofufuza a ku Canada, Evans ndi Hungr, anapeza mu 1993 kuti miyala yogubuduka kawirikawiri siipitirira mzere wotsika madigiri pafupifupi 27 kuchokera m'tsinde mwa phompho, zimene zikutanthauza kuti pa mamita 10 alionse otsika, mwala ukhoza kuyenda mamita pafupifupi 19 chopingasa. Ndi muyeso wongoyambira, koma umathandiza kudziwa msanga ngati nyumba ili m'njira ya mwala kapena ayi. Tchalitchi chikapezeka kuti chili kutali kunja kwa mzere umenewu, mwina radar siifunika n'komwe.

Pali ntchito ina imene mpingo ungathe kuyamba sabata ino, ndipo ndi imene imayandikira kwambiri funso lanu la tsiku. Ngati mng'aluwo ukufikika popanda kukwera malo oterera kapena kuima kunsi kwa chibenthu, ikani zizindikiro za penti mbali zonse ziwiri, malo atatu kapena anayi, ndipo munthu mmodzi yemweyo aziyeza mtunda wa pakati pa zizindikirozo m'mamilimita, m'mawa nthawi imodzimodzi, kamodzi pa sabata ndiponso mvula yamphamvu ikatha. Azilemba m'kope pamodzi ndi mmene mvula yagwera, ndipo azijambula ndi foni ataima pamalo amodzimodzi. Kusintha kwa milimita imodzi kapena awiri kopita ndi kubwerera kumachitika chifukwa cha kutentha. Choopsa ndi mng'alu umene ukungokula osabwerera, makamaka ngati sabata ino wakula kuposa sabata yatha. Ngati malowo sakufikika popanda zingwe, asakwereko munthu; zithunzi zokha zikwanira kufikira abwere odziwa. Kope lotere la miyezi isanu ndi umodzi lingathandizenso pa mkangano wakuti mng'aluwo ndi watsopano kapena wakale, popeza Freddy anakokolola udzu ndi tchire pa matanthwe ambiri n'kuonetsa ming'alu imene inali yobisika.

Katswiri wa miyala akabwera n'kunena kuti chibenthucho chili m'njira ya tchalitchi ndipo kuya kwa mng'alu kukufunika kudziwika, apo itanani a radar. Ine ndimakonda kuyeza mvula itangoleka, cha mu Epulo kapena Meyi, pamene ming'alu idakali ndi madzi koma pamwamba pa thanthwe pauma, chiperoni chisanakhazikike. Musanagwirizane nawo afunseni kuti akoka mizere ingati, chifukwa mzere umodzi suonetsa kumene mng'alu wapendekera. Afunseni mmene adzatsimikizire liwiro la mafunde mu mwala wanuwo, popeza akalakwitsa liwiro ndiye kuti kuya konse kwalakwika. Njira yosavuta ndi kuyamba ayeza m'mphepete mwa chibenthu pamene kuchindikala kwake kukuoneka ndi maso. Adziwenso kuti malata, mawaya a magetsi ndi mitengo ikuluikulu zimabweza mafunde n'kujambula mizere yabodza imene wosazolowera angaiyese ming'alu. Chithunzi cha radar si chithunzi cha mwala ngati cha kamera. Ndi mizere yakuda ndi yoyera yofuna womasulira. Chimene mukulipira kwenikweni ndi womasulirayo, choncho pemphani lipoti lolembedwa lonena kukula kwa chibenthu, kumene chingadutse, ndi chimene chichitike, ndipo abwere adzalifotokoze pamaso pa akuluakulu a mpingo ndi a mfumu m'Chichewa.

Ali pomwepo, apempheni ayezenso tchalitchicho ndi antena yaing'ono. Ubwino wa radar pa nyumba yakale ndi wakuti siboola kapena kugumula kanthu. Imaonetsa mphako za m'makoma, malo amene chiswe kapena madzi akumba pansi pa simenti, ndipo nthawi zina kuya kwa maziko, ngakhale khoma lonyowa kwambiri limameza mafunde ngati dongo lija. Makoma a nthawi imeneyo ambiri anamangidwa ndi dothi kapena laimu pakati pa njerwa, ndipo sapirira kugwedezeka. Pa chifukwa chimenechi maganizo ophulitsa thanthwe ndi mabomba a ku kwale, kapena oliwotcha ndi nkhuni ndi matayala monga amachitira ophwanya miyala, akanidwe. Mwala wa kiyubiki mita imodzi ukagwa mamita 20 umafika pansi pa liwiro la makilomita pafupifupi 70 pa ola, ndipo palibe khoma la njerwa lingauimitse.

Zothetsera zimadalira zimene zapezeka. Chotsika mtengo, ndipo nthawi zambiri chothandiza kwambiri, ndi ngalande kumtunda kwa mng'alu yopatutsa madzi asanalowemo, bola madziwo asatayidwe m'tsinde mwa zimiyala zija. Kachere kapena mkuyu womera mu mng'alu amakulitsa mng'aluwo ndi mizu yake, koma mitengo ya pa mtsetse wa m'munsi isiyidwe ndipo iwonjezeredwe, ngakhale imangogwira miyala ing'onoing'ono. Chibenthu chopyapyala chimatha kukhomeredwa ku thanthwe ndi zitsulo zazitali, ndipo radar ndi imene imanena kutalika kwa zitsulozo kuti zikagwire mwala wathunthu. Chachikulu kwambiri sichikhomereka. Amakumba chidzenje chachitali ndi kuunjika chimtumbira cha dothi ndi miyala ya m'mawaya pakati pa phiri ndi nyumba kuti mwala ukathere pamenepo.

Musasenze nkhaniyi nokha. Yambani ndi a mfumu ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, kenaka ofesi ya bwanamkubwa wa boma, kumene kuli woyang'anira ngozi zotere. Lemberani nthambi ya boma ya Geological Survey ku Zomba, imene ntchito yake ndi miyala ndi zivomezi, ndipo mukhozanso kulembera aphunzitsi a sayansi ya miyala ku sukulu yaukachenjede ya MUST ku Ndata m'boma la Thyolo. Popeza tchalitchicho ndi chakale, dziwitsaninso nthambi ya Museums and Monuments, imene imayang'anira zakale monga mabwinja a Fort Lister a 1893 pakati pa Mulanje ndi Michesi. Ngati thanthwelo lili m'kati mwa nkhalango ya boma, imene inakhazikitsidwa mu 1927, simungakumbemo ngalande kapena kukhomamo chitsulo popanda chilolezo cha a zankhalango, makamaka tsopano pamene bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse mu 2025.

Za kusonkha ndalama, sonkhani ndithu, koma zoyamba zigule tepi yoyezera, penti ndi kope, zilipire ulendo wa katswiri wa miyala, ndipo zikumbe ngalande ngati iye wavomereza. Za radar zibwere iye atanena kuti ikufunika. Ndipo kufikira lipotilo lituluke, akuluakulu a mpingo agwirizane lamulo limodzi n'kulilengeza kuguwa: a zanyengo akachenjeza za mvula yamphamvu, kapena mvula ikagwa masiku awiri osaleka, mapemphero, kwaya ndi Sande sukulu zichitikire kwina, ndipo tchalitchicho chisakhale malo othawirako anthu. Timiyala tikayamba kugwa tokha kuchokera pa thanthwe, madzi a mu mng'alu akasanduka matope kapena akaleka mwadzidzidzi mvula ikugwabe, kapena kuphiri kukamveka kulira ngati mfuti, anthu a m'nyumba zoyandikana nawo achoke nthawi yomweyo, kaya ndi usiku, osadikira kuti kuche.